A Kadontho ndi Zenera Lapamwamba

Ngati madzi a pakhomo panu sanazengedwepo mlandu ndi a Kadontho, ndiye kuti mumsewu wathu uno ndinu mlendo. Malemuwo ankayenda ndi kagalasi m'thumba la malaya, kokulungidwa bwinobwino m'kansalu, ndipo madzi alionse amene akumana nawo ankayamba awayesa kaye. Ankadontheza dontho limodzi pa kagalasiko, n'kukaika padzuwa, n'kukhala pansi kudikira kuti liume. Likauma n'kusiya kabanga koyera, ankapukusa mutu ngati alandira uthenga wa maliro.

"Madzi anuwa ndi abodza," ankatero. "Pamaso oyera, kumtima dothi."

Ntchito yawo inali yotsuka mazenera a masitolo, maofesi ndi nyumba zosanjikizana, choncho mwina mungati n'zomveka. Koma abale, matenda amenewa sankadziwa kuti ntchito yaweruka. Paukwati wa mwana wawo, anthu akudikira kuti bambo a mkwatibwi alankhule, iwo anali panja pa holo atagwada, akuyanika dontho la madzi osamba m'manja. Tsiku lina dokotala akuwafotokozera za kuthamanga kwa magazi, iwo anatambasula dzanja, n'kumuvula magalasi, kuwauzira mpweya, kuwapukuta, n'kumubwezera pamphuno.

"Pitirizani adokotala. Tsopano mukundiona."

Dzina lakuti Kadontho linachokera pamenepo. Dzina lawo lenileni ngakhale akazi awo ankachita kulikumbukira akaona chiphaso.

Munthu amene anavutika nawo kwambiri anali mlamu wawo, mlongo wa akazi awo, makaniko wonenepa wa garaja ya kumapeto kwa msewu, amene tonse timati a Sipanala. Mazenera a garajayo anali akuda bii ndi utsi ndi oyilo, ndipo a Sipanala ankakaniza kuti atsukidwe pofuna kungoputa mlamu wawoyo.

"Alamu, garaja yanuyi ndikaiona mutu umandiwawa."

"Ndiye muziyang'ana kumbali, alamu. Litsiro limenelo ndi makatani anga."

A Kadontho anali ndi malamulo awo a ntchito. Wotsuka mazenera salowa m'nyumba ya munthu, ndipo zimene waona pazenera zimatsala pazenera pomwepo. Wometa wa pafupi ndi banki, amene nkhani za anthu ndiye chakudya chake, anayesetsa kwa zaka zambiri kuwatsegula pakamwa.

"Kumwambako mwaonako chiyani lero, akulu?"

"Fumbi."

"Basi?"

"Ndi zitosi za nkhunda."

Akawakakamiza kwambiri ankangoti ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata, n'kunyamula makwerero awo kumapita. Makwerero amenewo akazi awo ankawatchula kuti akazi aakulu, chifukwa ndi amene ankayamba kupukutidwa m'mawa ndiponso kufunditsidwa mvula ikamabwera.

Koma tsoka silinunkha. M'mawa wina phazi linaterereka pa makwerero onyowa, ndipo a Kadontho anaboola chinsalu chotchinga dzuwa cha sitolo ya nsapato n'kukagwera pa mulu wa makatoni. Bondo linathyoka. Anthu atathamangira, anawapeza ali chagada, akuloza kumwamba.

"Musagwedezeke, akulu! Pakupweteka pati?"

"Ngodya yakumanzere iyo. Ndaisiya ndi sopo."

Atatuluka m'chipatala akuyendera ndodo, anapeza akazi aakulu atamangidwa ndi tcheni pamtengo wa kuseri kwa nyumba, kiyi ali pakhosi pa akazi aang'ono. Mayiwo sanazungulire. Anati ukwati wa makwerero watha, ndipo ngati akufuna kubwerera kuntchito agule zida zatsopano zimene mkamwini wawo anawauza. Zida zake ndi thanki yomangirira pagalimoto, masefa ochotsa mchere ndi litsiro lonse m'madzi, pampu, payipi yaitali, ndi ndodo yotambasuka yokhala ndi burashi kumapeto. Munthu umaima pansi, madzi amakwera okha, ndipo poti ndi oyera kotheratu, zenera limauma lokha popanda kulipukuta.

"Mwezi uno ukatha musanasankhe," anatero mayiwo, "pikapu yanu ija ndigulitsa, inu muzikhala pakhonde n'kumatsuka makapu anga. Achimwene, muwaperekeze. Mukabwere nawo atagula."

Sikunali kuopseza chabe. Eni masitolo anali atayamba kale kufunsa za otsuka ena, ndipo a Sipanala ankadziwa kuti mlamu wawo akachotsedwa pa mazenera sachedwa kutha ngati kandulo.

Kusitolo ya zidazo anawalandira mtsikana waulemu, wodziwa ntchito yake. Anawaonetsa mathanki, anawafotokozera kuti masefa amasinthidwa akatopa, kenako anatsegula kampopi kuti aone madzi ake. A Sipanala anatseka maso, poti ankadziwa chimene chikubwera. Kagalasi kanatuluka, dontho linagwa, ndipo onse atatu anatuluka panja kukaima padzuwa ngati anthu odikira basi.

Dontho linauma. A Kadontho anatembenuza kagalasiko uku ndi uku, anakayang'anitsitsa padzuwa, anakanunkhiza. Panalibe kanthu.

"Alamu," ananong'ona, "ndakalamba ndikufunafuna madzi onena zoona. Ndi awa."

Mtima wa a Sipanala unakhala m'malo. Anatulutsa tepi m'thumba kuti ayeze kumbuyo kwa pikapu.

"Ndiye timange iti, alamu?"

"Tiyeni tikaganize kaye kunyumba."

Apa ndi pamene mavuto anayambira. Atabwereranso, a Kadontho anati akufuna thanki yaikulu koposa zonse kuti asamabwererebwerere kukatunga. Anaikweza pa pikapu moyesa, n'kuidzaza. Pikapu ija, imene inali yokalamba ngati mwini wake, inakhala pansi ngati bulu wokana katundu, mphuno ili m'mwamba.

"Iyi ithyola msana wa galimoto," anatero a Sipanala. "Tengani yaing'onoyo."

"Imeneyo ndi ketulo, alamu. Nditsuka zenera limodzi n'kuweruka."

"Nanga yapakatiyi?"

"Chinthu chapakati chimakhala chopanda maganizo."

Ulendo wina anasankha thanki yopanda zipinda mkati, ati yosavuta kutsuka. Mtsikana uja anawachenjeza kuti madzi akakhala opanda zotchinga amakhavukira uku ndi uku galimoto ikamayenda, koma iwo anati akufuna adzionere okha. Anadzionera. A Sipanala ataponda buleki pachipata cha sitoloyo, pikapu inaima koma madzi anali asanamve uthengawo. Anawakankha kutsogolo mpaka mlonda anadumphira m'maluwa.

Atapatsidwa thanki yabwino ya zipinda, imene inalibe chifukwa chilichonse, a Kadontho anaizungulira, kuigogoda, kuimvetsera ngati dokotala, kenako anati payipi yake yachikasuyo ikuwathobwa m'maso. Itabwera yakuda, anati munthu angaiyese njoka. Zinafika poti mtsikana uja akangoona pikapu ikulowa, ankapita kukadya nkhomaliro ngakhale kuli m'mawa.

"Mapanga awiri avumbwitsa, alamu," a Sipanala anadandaula ali pachiwongolero.

"Anga si awiri, ndi ambiri."

A Sipanala si munthu woganiza mwachangu, koma makaniko amadziwa kuti galimoto ikamakana kulira, vuto silikhala pamene pakumveka phokoso. Munthu amene wafunafuna madzi oona moyo wake wonse, lero wawapeza, akuwathawanso bwanji? Ndiye anayamba kuona kanthu kena. Nthawi zonse pobwerera, akafika pa nyumba yosanjikizana ya pakona, imene pansi pake pali sitolo ya mankhwala, a Kadontho ankagwira chitseko.

"Imani kaye pano, injini ipume."

"Injini ndimaidziwa ndine, alamu. Siinatope."

"Ndiye ndipume ine."

Ankangokhala khosi lili lopindika, maso ali pazenera lina lapamwamba la makatani a maluwa ofiira. Kenako ankausa moyo n'kunena kuti tiyeni.

Makatani a maluwa! Magazi a a Sipanala anawira. Mlongo wawo akuvutika kutikita bondo ndi madzi otentha, pamene mwini bondolo mtima uli kumwamba kwa eni! Ndiye chifukwa chake sankanena zimene waona pazenera. Ndiye chifukwa chake ankakana ndodo yoimira pansi. Anafuna kukauza mlongo wawo tsiku lomwelo, koma anakumbukira kuti kandimverere anakanena za m'maluwa. Anapita kukabwereka kiyi wa makwerero, ati denga la garaja likudontha.

Muyenera kudziwa kuti a Sipanala moyo wawo wonse anaugwirira pansi pa galimoto, ndipo chinthu chachitali chimene anakwerapo chinali bedi. Wometa, atamva kuti kumwamba kuli nkhani, anasiya kasitomala atametedwa mbali imodzi n'kubwera kudzagwira makwerero. A Sipanala anakwera atatsinzina, akutchula mayina a makolo awo, makwerero akulira pa sitepe iliyonse. Atagunda mutu pa chitsulo cha zenera, anatsegula maso.

Kuseri kwa galasi lafumbi kunali nkhalamba ya ndevu zoyera, ili pa njinga ya olumala, bulangete lili pamiyendo, dzanja limodzi litagona pachifuwa ngati si lake. Pazenera pomwepo panali bolodi la drafti, zitsekerero za mabotolo zili m'malo mwake, masewero atalekezedwa pakati. Nkhalambayo inali itayamba kumwetulira itamva makwerero, koma kumwetulirako kunazima. Inakankha zenera ndi dzanja lamoyolo.

"Si inu," inatero.

A Sipanala anayang'anitsitsa nkhopeyo, n'kutsala pang'ono kusiya makwerero.

"A Mawotchi! Si inu munkakonza mawotchi pansipa? Ine ndimayesa munamwalira kalekale!"

"Ambiri amayesa choncho. Alamu anu okha ndi amene anakwera kudzaona."

Pang'onopang'ono, poti lilime linali lolemera, mkuluyo anafotokoza. Chifereni ziwalo mbali imodzi sanatsikeko masitepe. Amakhala ndi mwana wawo wamkazi, namwino, amene amachoka m'mamawa n'kukhoma chitseko poopa akuba, ndipo amabwera atatopa moti sangamusimbire za masewero. Tsiku lotsuka mazenera a nyumbayo, a Kadontho ankatsiriza ndi zenera limeneli, n'kutsamira pa makwerero, n'kusewera naye mpaka dzuwa litawaotcha pamsana.

"Ndi nthawi yawo yosuntha," inatero nkhalamba ija, ikuloza bolodi. "Sindinakhudze kanthu. Ndimati mwina atopa nane."

"Sanatope nanu, bambo. Anagwa, bondo linathyoka. Makwerero anawaletsa."

Mkuluyo anapukuta maso ndi ngodya ya bulangete. A Sipanala manyazi anawagwira moti anaiwala kuopa, ndipo anatsika osadziwa kuti atsika bwanji.

"Mwaonako chiyani?" wometa anafunsa, malovu ali chuchuchu.

"Fumbi," anayankha a Sipanala.

Madzulo a tsikulo anapeza mlamu wawo ali pakhonde, mwendo uli pampando, akupukuta kapu imene inali yoyera kale. Anakhala pambali pawo, ataika chinthu chokulungidwa m'thumba pansi.

"Alamu, ndawaona akazi anu apamwamba aja. Ali ndi ndevu."

Kapu inaima m'manja.

"Zapazenera sizinenedwa."

"Simunanene inu. Ndakwera ndekha."

"Inu? Makwerero anga apulumuka?"

Anaseka onse awiri, koma kuseka kwa a Kadontho sikunapite patali. Anayang'ana bondo lawo.

"Madzi aja ndi abwino, alamu, sindinaonepo. Koma ndodo ija munthu umaima nayo pansi. Zenera liziyera, inde, koma amene ali kuseri kwake azingoona burashi ikukwera n'kutsika. Ndikagula, ndiye kuti ndavomera kuti kumwamba sindidzafikakonso. Masitepe bondoli silingakwere, chitseko n'chokhoma. Ndiye ndimangoti bola ndizichedwa."

A Sipanala anamasula thumba lija n'kutulutsa galasi lalikulu la pambali pa lole, limene anachotsa pa chigalimoto chakufa cha kuseri kwa garaja. Anali ataliwotcherera kachitsulo komangira pa ndodo. A Kadontho analitenga, kuliyang'ana, n'kuliuzira mpweya.

"Lili ndi zala zanu zaoyilo," anatero.

M'mawa mwake mtsikana wa kusitolo uja anachedwa kuthawa. Anaima kuseri kwa tebulo atagwira mtima, akudikira kumva kuti lero cholakwa ndi mtundu wa matayala a pampu.

"Mwana wanga, thanki upereke imene alamuwa anene kuti pikapu inyamula."

"Yapakati ija, ya zipinda," anatero a Sipanala msangamsanga.

"Yopanda maganizo ija?" mtsikanayo anafunsa mosakhulupirira.

"Yomweyo. Maganizo ndili nawo ine. Koma ndodo undipatse yolimba, yosapindika ikatambasuka, yoti inyamule ichi."

Mtsikanayo anayang'ana galasi la lole, anayang'ana akuluakulu awiriwo, ndipo anaona kuti kufunsa kungangowabweza kunyumba kukaganiza. A Sipanala anamanga thankiyo pa pikapu ndi mabawuti okhuthala, n'kuwonjezera masipuling'i kumbuyo. Mwezi unatha pikapu isanagulitsidwe.

Kuyambira pamenepo msewu wathu unapeza chosangalatsa chaulere. Tsiku la nyumba ya pakona, a Kadontho ankatsuka mazenera onse, madzi n'kumauma opanda banga, kenako ankachotsa burashi n'kumanga galasi. Ndodo inkakwera pang'onopang'ono mpaka pazenera la makatani a maluwa, iwo ali pansi, khosi chagada, akuona bolodi ndi ndevu za mnzawo m'galasimo. Poti dzanja lawo silikanafika, ankakuwa kumene akufuna kusuntha, ndipo a Mawotchi ankasunthira onse awiri. Apa ndi pamene panali nkhani, chifukwa dzanja limodzi lija linali lochenjera kuposa manja awiri a anthu ambiri.

"Chakumanzerecho, chipite kutsogolo! Ayi, osati chimenecho! Nanga changa chija chapita kuti?"

"Chiti?"

"Chinali pakona! Mwaba! Anthuni, mkuluyu waba!"

"Galasi lanulo ndi la lole, limachepetsa zinthu!"

Mawu akuti "Mwaba!" ankamveka mpaka ku banki, moti mlonda watsopano tsiku lina anatseka zitseko n'kuliza belu. Makasitomala a wometa anazolowera kudikira ndi sopo kumaso. Anthu amene ankayesa kuti a Mawotchi anamwalira anayamba kuima pansi pa zenera n'kumawabayibitsa, ndipo ena ankakwera masitepe tsiku limene namwino uja ali pakhomo. A Kadontho okha sanalowemo mpaka kalekale, ati lamulo ndi lamulo.

Anagwira ntchito ndi ndodoyo zaka zingapo. Kenako chifuwa chinawagwira nyengo ina yozizira, ndipo sichinawasiye. Anapita mwakachetechete, zimene sizinali khalidwe lawo. Kagalasi kaja anakapeza m'thumba la malaya, ndipo akazi awo anakaika pazenera la kuchipinda, pamene kali mpaka lero.

Mazenera a mumsewu wathu akutsukidwabe. Kumabwera anthu ena a galimoto yatsopano ndi thanki yaikulu, ndipo kunena zoona ntchito amaidziwa, banga simungalipeze. Koma amatsuka n'kumapita. Palibe amene amakuuza kuti madzi ako ndi abodza, ndipo timamwa tiyi wathu popanda womuzenga mlandu. Timawasowa, abale, ngakhale ife amene tinkawathawa. A Sipanala anatsuka okha mazenera a garaja, poti panalibenso womuputa, ndipo kuwala kumene kunalowa m'menemo kunangowaonetsa kuti mpando wa mlamu wawo uli wopanda munthu.

Patapita masabata angapo maliro atachitika, a Sipanala anatenga ndodo ija ndi galasi la lole n'kupita pakona. Drafti sankaidziwa kwenikweni, koma anakweza galasilo, ndipo a Mawotchi anayala zitsekerero. Anasewera mwaulemu ngati anthu a pamaliro. Pakati pa masewero, dzanja lija linatenga chitsekerero cha a Sipanala poyerayera, n'kuchikweza m'mwamba, n'kuchiika m'thumba pang'onopang'ono. Kenako mkuluyo anadikira. A Sipanala, amene ankalimbana ndi kulemera kwa ndodo, sanaone chilichonse.

"Alamu anu akanakuwa," inatero nkhalambayo motsitsa, n'kutseka zenera.

Mawu amenewo anawatsata a Sipanala sabata yonse pansi pa galimoto za anthu. Tsiku litakwananso anaimika pikapu pakona, ndipo asanamasule n'komwe ndodo, bolodi lisanayalidwe, anaika manja kukamwa, n'kukuwa ndi mimba yawo yonse.

"Mwaba! Anthuni, mkuluyu waba!"

Wometa anatuluka ndi lumo m'manja. Wa mankhwala anasuzumira pakhomo, ndipo mazenera a mbali zonse anayamba kutseguka. Kumwamba makatani a maluwa anagwedezeka, zenera linakankhidwa, ndipo panatuluka ndevu zoyera zonyowa ndi misozi, mwini wake akuseka mpaka kutsokomola.

"Sindinayambe n'komwe, alamu!" anakuwa a Mawotchi. "Kwezani galasilo muone mmene amabera!"